Mawu Apakati a Amock Njobvu

A Benard anakhuthulira thumba la jekete pamatiresi, pafupi ndi mapazi a Eness, ngati wapolisi amene wapeza chamba m'chikwama cha mwana wasukulu. Munagwa tinthu tiwiri: kachitsulo ka mano awiri konga foloko, ndi kabaji kamkuwa kokhala ndi nsonga ziwiri zopindikira kunja.

"Mlamu, tiuzeni. Izi n'chiyani?"

Azimayi amene anadzaza pabalaza anasiyira nyimbo panjira. Jeketeyo Eness ankaidziwa. Inali yakuda, ya mwamuna wake Amock Njobvu, yomwe ankavala Lachinayi lililonse madzulo. Iye mwini anaichapa ndi kuisita kwa zaka zosawerengeka, koma tinthu timeneti sanationepo. Amock anagwa Lachisanu m'mawa akumeta ndevu, ndipo pofika naye kuchipatala n'kuti atapita kale. Tsopano linali Lamulungu, maliro anali oti aikidwa Lachiwiri, ndipo a Benard, mkulu wake wa malemuyo, anali atangogona kamodzi m'Chelstone chitsikireni basi ya ku Katete pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka. Kugona kamodziko kunawakwanira kufufuza m'kabati monse.

"Sindikuzidziwa, alamu."

"Nyumba imodzi, bulangete limodzi, simukuzidziwa?" A Benard anatola kabajiko ndi mpango, kuopa kukakhudza ndi dzanja, n'kuyamba kuonetsa azimayi aja mmodzimmodzi. Anagwirapo umesenjala kukhoti mpaka kupuma, ndipo chipumireni ankalakalaka mlandu kuposa nyama. "Nyanga izi. Nanga madoda atatu abwera m'mawa aja, pachifuwa pawo simunaonepo?"

Eness anali atawaona. Anafika pa nthawi imene anthu ankachokera kutchalitchi, okalamba onse atatu, atavala majekete akuda ofanana dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Wina anali wamfupi wadazi, wina wamtali wowonda, wachitatu wa magalasi akuda ndi ndodo, atagwira phewa la mnzake. Sanakhale mutenti ndi amuna anzawo. Anadzagwada pakhomo la pabalaza, ndipo wamtali uja ndiye analankhula, m'Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chibemba.

"Mwalosheni mukwai. Ine ndine Lombe, aba ni ba Mathias, aba ni ba Ng'andu. Ndise banzake ba Amock ba pa Chinayi. Tili na chipangano. Umozi wa ise akafa, bosala bafunika kuimilila kumutu kwa manda na kumuimbila. Tinali bambili, kuzula basi. Manje tasala batatu."

M'Lusaka muno munthu sungatchule pangano, manda ndi majekete akuda pakamwa pamodzi, anthu n'kukupatsa tiyi. A Benard anawatulutsa mpaka kugeti. Pofika masana nkhani inali itafika kale pamsika wa Chelstone, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa: akuti anthuwo amadyana mmodzimmodzi, akuti nyumba ya a Njobvu inamangidwa ndi magazi, akuti ndi chifukwa chake malemu anafa Lachisanu, atangochokera komweko.

Chimene chinaipitsa zonse n'chakuti madodawo anati kuyimba. Pa Chelstone panalibe amene sankadziwa kuti Amock Njobvu sadziwa kuyimba. M'mawa uliwonse ali m'bafa ankatulutsa chinthu china chake chopanda mutu ndi mchira: chinkakhala pamalo amodzi, n'kukwera pang'ono, n'kubwerera pomwepo, n'kuima pamene nyimbo siimapo, kenaka n'kuyambiranso. Mawu akenso anali ngati a munthu amene wameza munga wa nsomba. Ana ankachitcha jenereta ya adadi, ndipo Cathy, mwana wawo wamkazi, ankachitsanzira patebulo mpaka mlongo wake kutsamwa ndi tiyi. Kutchalitchi Amock akatsegula pakamwa anthu ankacheuka, choncho anazolowera kumangogwedeza milomo. Eness yekha ndiye anali woyimba m'nyumbamo, woyambitsa nyimbo ku chigwirizano cha amayi.

Ndiye Amock akavala jekete yake Lachinayi n'kunena kuti, "Amake Cathy, ndikupita kukayimba ndi anzanga ku Woodlands," Eness ankamva bodza. Linali bodza laulesi, lonyoza, la munthu amene sanavutike n'komwe kupeka lina labwino. Iye anaona kuti ku Woodlands kuli mkazi. Zinamupweteka zaka zoyambazo, koma ankadziona kuti ndi wamkulu kwambiri woti n'kumafunsa za akazi a m'tauni. Ankasita jekete, n'kuika chakudya m'mbale yovindikira, n'kukagona chafufumimba khoma.

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera a Daka, mkulu wa mpingo wa dera lawo. Anakhala pakampando pafupi ndi chitseko, chipewa chili pabondo, maso ali pansi.

"Mayi, ine sindinabwere kudzaweruza. Koma nkhani yafika kwa abusa. Ngati malemu anali m'gulu lamdima, mpingo sungaike dzanja lake pamenepo. Zikapanda kumveka pofika mawa madzulo, bokosi silidutsa kutchalitchi, ndipo kwaya sibwera. Abusa adzangopemphera pano, basi."

"Popanda nyimbo?"

"Popanda nyimbo, mayi."

Eness anaonapo maliro otere kamodzi. Anthu ankayenda chamunyazi, kumanda kunkangomveka mafosholo okha, ndipo mpaka lero ana a munthu uja amawaloza chala akamadutsa. Iye amene anayimbira theka la akufa a m'Chelstone, wake apite ngati galu? Mtima unamuwawa, ndipo mkwiyo wonse unagwera pa Amock, wogona phee m'mochale pamene iye akudyedwa ndi maso a anthu. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anapemphera kuti ku Woodlands kukhale kuli mkazi.

Lolemba m'mawa panafunika kupititsa zovala za malemu kumochale. Namfedwa sachoka pamatiresi, ndipo azimayi achikulire anamuuza choncho mosabisa. Eness anati taye ya mwamuna wake palibe wina amene amaimanga bwino. Azimayiwo anang'ung'udza, koma anamulola kukwera m'galimoto ya Cathy, chitenje chili kumutu. Atangolowa mu Great East Road anagwira mkono wa mwana wakeyo.

"Kumochale tipita pambuyo. Ku Woodlands ukudziwako?"

"Mami, bantu bazakamba."

"Akukamba kale. Ndakufunsa ngati ukudziwako."

Cathy anazemba maminibasi amene ankalimbirana anthu pasiteshoni. "Ninabapelekako kamozi, mvula inali kugwa. Geti ya gilini. Anasegula ni muzimai." Anayang'ana amayi ake m'mbali. "Sininafune kukuuzani."

Choncho nayenso ankadziwa, kapena ankayesa kuti akudziwa. Eness anangoyang'ana kunja, maluwa a jakaranda ali mbwee m'mphepete mwa msewu.

Anatsegula geti anali mzimayi yemweyo, wonenepa, wa imvi, epuloni ili m'chiuno. Atangoona chitenje chakumutu anafuula n'kumukumbatira Eness, misozi ili chuchuchu.

"Ndimwe ba Eness! Mayo ine! Ndine Annette. Ba Amock banali kukamba pali imwe lyonse."

Eness anauma ngati mtengo. Anamuyeza mzimayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuona kuti akulira mopitirira kulira kwa mnansi wamba. Kenaka kumbuyo kwake kunatulukira dazi lija, a Mathias, atavala malaya amkati okha, ndipo Annette anawagwira paphewa mwa chizolowezi cha munthu amene wakhala nawo moyo wonse. Anali mkazi wawo. Eness anamva mpumulo, n'kumvanso mantha nthawi yomweyo, pakuti ngati si mkazi ndiye kuti a Benard akunena zoona.

"Ndionetseni kumene amuna anga ankakhala Lachinayi," anatero. Moni sanapereke.

Anamulowetsa m'galaja mopanda galimoto. Maso ake anathamangira m'makona, kufunafuna makandulo, nsalu zofiira, zigoba za nkhono, chilichonse. Anapeza mipando inayi yapulasitiki, fani yakufa, ndi kansalu kozilala kopachikidwa pakhoma, kokhala ndi nyanga zija komanso zilembo zosawerengeka. Pansi pa tebulo panali mabotolo atatu a mowa opanda kanthu ndi chigubu chimodzi cha maheu. Pafupi ndi zenera panali chithunzi chakale: mzungu wamimba, wa ndevu zapamlomo, ataima pakati pa anyamata ovala maovolosi. Wachitatu kuchokera kumanzere anali Amock, wowonda, pakamwa pali yasa.

"Uyo ni ba Kessler," anatero a Mathias. "Tinali kubaitana ba Kesila."

Anafotokoza ataimirira. Mzunguyo anachokera ku America, mzinda wa Milwaukee, koma agogo ake anali ochokera ku Jeremani. Kumeneko, akuti, amuna ogwira ntchito m'mafakitale akaweruka ankakumana m'holo yawoyawo n'kumayimba m'mawu anayi, amuna okhaokha, kuti chinenero cha makolo chisawathawe. Ankakhala ndi mbendera yawo, mabaji awo, ndi zikondwerero zimene makwaya a mizinda yambiri ankakumanako. Mmodzi akamwalira, otsala ankamuyimbira pamanda. Kessler anabwera kudzaika makina m'fakitale ya mapoto ku Heavy Industrial Area, ndipo kusungulumwa kutamukwana anayamba kugwira anyamata pa nthawi ya nkhomaliro, wina tenala, wina besi, kuwaphunzitsa pakamwa ndi pakamwa kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu. Atabwerera kwawo anatumiza mabaji ndi kachitsulo kopezera poyambira nyimbo.

"Banafa kudala. Mwana wabo anatilembela ati holo ija manje bagulitsilamo mipando. So kapena ni ise chabe tasala, kuno ku Lusaka."

Nkhaniyo inali yosalala, ndipo kusalalako n'kumene kunamukayikitsa Eness. Wabodza wabwino amakhala ndi chithunzi pakhoma.

"Amuna anga sankadziwa kuyimba," anatero.

A Mathias anamuyang'ana ngati wawatukwanira amayi awo. "Ba Amock? Mayo, ndiye banali khutu yathu. Tenala wachibili monga uja simuzamupeza."

"Ine ndakhala nawo kuyambira ndili mtsikana. Ndikudziwa zimene ndinkamva."

"Munali kumva mbali yabo chabe."

Eness sanamvetse, ndipo sanafune kuoneka kuti sanamvetse. Anamanga chitenje chake bwinobwino.

"Mubwere lero dzuwa lisanalowe, nonse atatu. Mudzayimbe pabwalo panga, pamaso pa alamu anga ndi akulu a mpingo, nyimbo yomweyo mukuti ndi ya pamanda. Ngati n'zamdima zidzaoneka."

"Nyimbo ija sitimaimba panyumba, mayo. Ni ya pamanda chabe."

"Ndiye kumandako simudzapondako. Iwonso adzapita opanda nyimbo, yanu kapena ya mpingo."

Annette anagwira pakamwa. A Mathias anayang'ana mipando inayi ija nthawi yaitali, kenaka anagwedeza mutu kuvomera.

Pobwerera kuchokera kumochale, Eness anapeza nkhani ya ulendo wake itamutsogolera kale. A Benard anali chiimire pakhonde.

"Mlamu, namfedwa kuyendayenda m'tauni mtembo usanaikidwe? Mwapita kukapangana nawo chonena?"

"Ndapita kukawaitana, alamu. Inu mumakonda mboni. Lero muzimva nokha."

Anafika dzuwa litapendeka, majekete ali omwewo. Amuna a mutenti anasuntha mipando yawo kubwerera m'mbuyo, ena amene anali ndi ana anawathamangitsira kuseri. Azimayi anadzaza pakhonde ndi m'mazenera, ndipo kumpanda kunali mitu ya anansi amene sanabwereko chiyambireni maliro. Eness anakhala pamphasa pakhonde, Cathy pambali pake. A Daka anakhala kutsogolo, Baibulo lili pamwendo.

"Tisanayambe," anatero a Daka, "mawu a nyimboyi akuti chiyani?"

Anayankha anali a Ng'andu, wa magalasi akuda uja, ndi mawu okhuthala ochokera pansi pamimba. "Ni ya Chijelemani. Ikamba ati, zuba yangena, munzathu, ika visulo pansi. Nchito yasila. Mulungu akusunge mpaka tikakumane."

"Chijeremanicho mumachimva?"

"Iyayi. Tiziba chabe vamene ba Kesila banatiuza."

A Benard anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva? Akuyimba zimene sakuzimva! Adziwa bwanji kuti sakuitana ziwanda?"

"Ba mudala," anatero a Ng'andu, nkhope italoza kumene mawu anachokera, "Aleluya ni Chinyanja?"

Wina anaseka mutenti n'kudzibweza msanga. A Mathias anapempha kachitsulo kaja. A Benard anali atakakulunga m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi mchere, ndipo anakana kukamasula. Eness anatambasula dzanja mpaka anamupatsa. Anamasula yekha, n'kukapukuta pachitenje, n'kupatsira Cathy kuti apereke.

Madodawo anaima pakati pa bwalo mokhota ngati uta: a Mathias kumapeto, a Lombe ndi a Ng'andu mbali inayo. Pakati pa a Mathias ndi a Lombe anasiya danga lokwana munthu mmodzi, ndipo palibe amene anachita kuuza mnzake kuti atero. A Mathias anamenyetsa kachitsuloko pabondo n'kukaika kukhutu. Mayi wina pakhonde ananong'ona dzina la Yesu. A Mathias anang'ung'udza liwu limodzi, anzawo aja aliyense anatola lake, kenaka onse anakhala chete, zifuwa zili m'mwamba, milomo yokonzeka.

Palibe chinatuluka.

Anaima choncho, atatu onse, akudikira. Nkhuku inadutsa pakati pawo. A Lombe anayang'ana a Mathias, a Mathias anayang'ana danga lija, ndipo thukuta linayamba kutsika padazi.

"Zakanika masana!" anatero a Benard mokweza. "Ndinanena ine. Zimafuna mdima."

"Pepani mukwai," anatero a Lombe. "Ba Amock ndiye banali kutiyambisa. Kuchokela pamene ba Ng'andu banaleka kuona, tinasiya vokweza kwanja. Ba Amock banali kukoka mpweya na mphuno, mwamphamvu, kuti ba Ng'andu bamvele. Tikamvela, tangena. Taibala kuti lelo kulibe."

Kukoka mpweya kumeneko Eness ankakudziwa. M'mawa uliwonse, madzi akangosiya kutsika m'bafa, kunkamveka fwee wa m'mphuno, kenaka jenereta n'kuyaka. Iye ankayesa chimfine chosatha, mpaka anamugulirapo mankhwala opaka pachifuwa.

A Mathias anamenyanso kachitsulo kaja. Anatolanso mawu awo, n'kukhalanso chete, aliyense akuopa kutsogola. Eness sanaganize. Anangomva mphuno zake zikukoka mpweya, mwamphamvu, mmene ankamvera kuseri kwa chitseko cha bafa.

Analowa onse pamodzi.

Inali nyimbo, panalibe wokana. Inkayenda pang'onopang'ono, a Mathias ali pamwamba ndi mawu opyapyala a ukalamba, a Ng'andu ali pansi penipeni, a Lombe pakati. Koma Eness anali woyimba, ndipo khutu lake linamva msanga kuti nyimboyo ili ndi chibowo. Pamwamba ndi pansi pankafunana koma osakhudzana. Pena a Mathias ankakwera n'kusiya malo oti wina agwirize, ndipo pamalopo pankangodutsa mphepo. Pena onse atatu ankakoka liwu limodzi nthawi yaitali, kudikira kuti wina asunthe pang'ono m'kati mwawo, ndipo panalibe wosuntha.

Iye ankadziwa chimene chikusowapo. Ankadziwa pamene chimakhala pamalo amodzi, pamene chimakwera pang'ono, pamene chimaima. Chinkaima pamene nyimbo siimapo chifukwa pamenepo a Mathias ndiwo ankapitiriza. Zaka zonsezi ankamva munthu akumanga khoma lapakati la nyumba imene iye sanaionepo, n'kumaseka kuti khomalo lilibe denga.

Pa ndime yachiwiri anayamba kung'ung'udza, milomo yotseka, mmero uli wosasa ndi kulira kwa masiku amenewa. Anangotsatira jenereta ya mwamuna wake mmene inalili, osaikongoletsa. Inalowa m'chibowo chija ndendende. A Lombe anadzidzimuka mpaka kuphonya liwu, koma sanasiye. Kenaka pambali pake Eness anamva mawu ena. Anali Cathy. Chimene ankachitsanzira patebulo kuti aseketse mlongo wake anachidziwa pamtima, ngakhale mawu a munga wa nsomba aja, ndipo tsopano ankachiyimba akulira ngati kamwana.

Atamaliza panalibe woomba m'manja, panalibenso wonong'ona. Eness anachita manyazi aakulu, oposa amene anachita pamene ankaganiza za mkazi wa ku Woodlands. Safunsa anadya phula, ndipo iye analidya zaka zonse za ukwati wake.

A Daka anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi taye.

"Ine ndinayimbapo mukwaya ndili mnyamata," anatero. "Za ufiti sindizidziwa, koma tenala wachiwiri ndimamudziwa. Ndikauza abusa. Bokosi lidutsa kutchalitchi, kwaya ibwera. Awa adzayimba kumanda abusa akamaliza."

"Nanga nyanga zija?" anafunsa a Benard.

A Daka anatenga kabaji kaja, n'kukayang'ana chapatali monga amachitira okalamba. "Zeze uyu, a Njobvu, wonga wa Davide. Onani zingwe zake."

A Benard sanali munthu wogonja pagulu. "Chabwino, zeze. Nanga ngati zinali zabwino, ankabisiranji?"

"Sanabise, alamu," anatero Eness. "Ankanena Lachinayi lililonse."

Anthu anayamba kubwerera m'malo awo, ena mokhumudwa ndithu, pakuti anabwerera zina. Azimayi pabalaza anayambitsa nyimbo ya mpingo, mokweza kuposa dzulo. A Mathias anabweza kachitsulo kaja kwa Cathy ndi manja awiri, n'kuwerama kutola chipewa chawo. A Lombe ankapukuta kumaso, atatembenukira kumpanda.

A Ng'andu anatsala okha pakati pa bwalo. Anasamutsira ndodo kudzanja lamanja, n'kupinda mkono wamanzere, chigongono chili panja pang'ono, n'kuima akudikira. Anadikira ndithu. Kenaka nkhope yawo inasintha, ngati munthu amene waponda sitepe yomwe kulibe, koma mkonowo sanautsitse.

"Akudikira chiyani?" Eness anafunsa a Lombe chapansipansi.

"Ba Amock banali kubatenga ku Kabwata pa Chinayi paliponse, na kubabweza mpaka pa chiseko. Minibasi zibili kuyenda, zibili kubwela, elo bayambe ulendo wa kuno. Ndiye chifukwa banali kufika mochedwa kunyumba."

Eness anakumbukira mbale yovindikira ija, ndi khoma limene ankaliyang'ana. Akanatha akanadzuka yekha, koma namfedwa sagwira mkono wa mwamuna wina mtembo usanaikidwe, ndipo lero anali ataswa kale miyambo yokwanira. Anatembenukira kwa a Benard.

"Alamu, mkono uwo ukudikira munthu wa kwa Njobvu."

A Benard anayang'ana uku ndi uku, kufuna wina woti amutume, koma maso onse a mutenti anali pa iwo. Anatsika pakhonde monyinyirika, n'kugwira a Ng'andu pamwamba pa chigongono mmene ankagwirira akaidi kukhoti, n'kuyamba kuwakokera kugeti.

A Ng'andu anaima nji.

"Osanidonsa, ba mudala. Ba Amock sibanali kudonsa. Banali chabe kuyenda pafupi, ine nimvela kwamene bayenda."

A Benard anamasula zala zawo. Anaima pambali pa wakhunguyo, phewa ndi phewa, ndipo a Ng'andu anapeza okha mkono wawo n'kuikapo dzanja mopepuka. Anayamba kuyenda pang'onopang'ono, kudutsa tenti, kudutsa migolo ya madzi. Pafupi ndi geti panali kangalande, ndipo Eness anaona a Benard akuchepetsa mwendo, osalankhula kanthu, mpaka ndodo ija itakapeza.